Alongo anga anabwerako ku DRC, mwendo ukupola koma munthu sakugona: tilowere kuti?

Mlongo_wa_Chibavi
Moni nonse. Ndimangowerenga pagulu pano osalemba, koma lero zandikulira. Alongo anga ndi msilikali. Anavulala mwendo ali ku DRC, anawachita opaleshoni, pano amayenda ndi ndodo imodzi. Za mwendozo sindingadandaule, madokotala akuyesetsa. Chatithetsa nzeru n'chakuti amene anabwerayu si munthu uja tinamuperekeza. Usiku sagona. Akati atseke maso amadzidzimuka n'kukuwa, thukuta lili kamukamu ndi kuzizira kwa Mzuzu konseku. Chitseko chikamenyetseka ndi mphepo amadzigwetsa pansi. Mowa ankangolawa pa ukwati, pano ndi tsiku ndi tsiku. Alamu anga atopa, ana akamva ndodo ikugogoda pakhonde amathawira kuchipinda. Tikatchula zachipatala amati "ine si wamisala". Ndiye ndifunse ziwiri. Munthu wotere kuno ku Mzuzu timapita naye kuti? Nanga za chipukuta misozi zimayenda bwanji, poti eni ake akangomva mawu akuti mapepala amalusa? Dzina ndi rank musandifunse chonde.

Sacramento_77
Pepani achemwali. Koma za ndalama musade nkhawa, anthu amenewa akapita ku DRC amabwera ndi madola. Taonani nyumba zamera ku Luwinga ndi ku Lupaso uko.

MayiWaMalaini
@Sacramento_77 mwawerenga zimene alembazo kapena mwangoona mawu akuti DRC? Munthu akunena kuti ana akuthawa bambo awo, inu mukuwerenga malata. Ndalama imene mukunenayo imabwera kamodzi, ndipo isanafike n'komwe ya kumudzi yonse imakhala itagawana kale m'maganizo. Uyu fizi, uyu feteleza, uyu maliro. Ikatha onse amabalalika, wotsala ndi wodwala ndi mkazi basi.

Sacramento_77
Ine ndimangonena zomwe timaona mayi. Ndimawanyamula ndine akamachokera ku banki.

NamwinoWaUsiku
@Mlongo_wa_Chibavi zimene mwafotokozazo ndi matenda odziwika, kuchipatala timati PTSD. Amagwira munthu amene anaona kapena kudutsa mu zoopsa kwambiri: nkhondo, ngozi ya galimoto, kugwiriridwa, ngakhale anthu amene anapulumuka namondwe wa Freddy mu 2023 ambiri ali nawo. Thupi limakhala ngati likadali pamalo a zoopsa paja. N'chifukwa chake phokoso ladzidzidzi limawagwetsa pansi, ndi zomwe zinawapulumutsa kumene anali kuja. Masabata oyambirira aliyense amatha kutero, koma zikapitirira mwezi n'kuyamba kusokoneza banja ndi ntchito, pamenepo pafunika thandizo. Mowawo akumwa kuti apeze tulo. Umagonetsadi kwa maola awiri atatu, kenako umadzutsa munthu pakati pa usiku maloto ali oipa kuposa kale, ndiye mawa amawonjezera botolo.

Ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. A St John of God ali konkuno, ntchito yawo ndi ya matenda a m'maganizo, ali ndi aphungu, ali ndi gawo lothandiza omwe agwidwa ndi mowa, ndipo si aliyense wopita kumeneko amagonekedwa. Ambiri amangopita kukacheza ndi mlangizi n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Musasokoneze ndi St John's Hospital, ndi malo awiri osiyana. Pa Mzuzu Central paliso ogwira ntchito za m'maganizo. Nkhani yoti aliyense wodwala m'mutu amamutumiza ku Zomba Mental ndi yakale.

Chinthu chimodzi ndikupempheni. Akayamba kunena mawu ngati "bola ndikanatsala konko" kapena kugawa katundu wawo, musadikire kuti avomere. Tsiku lomwelo uzani achipatala chakuntchito kwawo kapena mupite nawo ku Central. Ndipo ngati dzanja layamba kufika pa alamu anu kapena pa ana, iwowo ayambe apita pamalo otetezeka, zina zibwere pambuyo.

MtumikiWaMoto
Zimenezo si za mapiritsi ayi. Munthu akaponda nthaka ya magazi amabwera ndi mizimu ya anthu ofera kumeneko. Bwerani naye kuphiri Lachisanu tisale kudya, muona.

NamwinoWaUsiku
Abusa, kupemphera palibe akuletsa, inenso ndimapemphera. Koma munthu amene akumwa mankhwala a ululu, wosagona, mukamusalitse kudya paphiri usiku ndi anthu akukuwa m'makutu mwake? Mudzamubweza ali woipirapo. Mupemphererani kunyumba mofatsa, kuchipatala apitebe.

MtumikiWaMoto
Inu a chipatala mumakhulupirira zooneka ndi maso zokha.

Mdzukulu_wa_KAR
Koma pa mawu a abusawa pali kanthu kena ngakhale sindikugwirizana nawo. Agogo anga aamuna anamenya nawo nkhondo yachiwiri ali mu King's African Rifles, anafika mpaka ku Burma. Agogo aakazi ankatiuza kuti atabwerako sanalowe m'nyumba tsiku lomwelo. Anagona kaye kumphala, akuluakulu anawasambitsa mankhwala, amuna anzawo anakhala nawo masiku angapo akuwafunsa zimene anaona. Kaya mankhwalawo ankagwira kaya ayi, koma mudzi unkadziwa kuti munthu wochokera kunkhondo sangodzukira kumunda mawa lake ngati anapita kumsika. Ife lero timamulandira ndi nyimbo pa bwalo la ndege, Lolemba tikufuna akhale bambo wabwinobwino.

Sajeni_Wopuma
Ndalowa mochedwa, ndinali ku Zigwagwa. Mwanawe wa ku Chibavi, ndilankhula ngati bambo wako. Ine ndinalondera nawo njanji ya Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndiye zimene akuchita mlongo wakoyo sindikuzimvera kwa munthu.

Ukamati "tiyeni kuchipatala" iwe ukuganiza za kuchira. Iye akumva zina. Akumva kuti zikalembedwa mu fayilo yake, kukwezedwa kwatha, ulendo wina wakunja sadzamutenganso, mwina akamuika pa medical board n'kumupumitsa ntchito ali mnyamata, nyumba ya kubalaki atuluke. Ndipo kuyambira tsiku loyamba kusukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima munthu amaphunzitsidwa kuti ululu umameza. Ndiye mawu akuti "ine si wamisala" tanthauzo lake ndi lakuti "ndikuopa kutaya yunifolomu". Mkazi kapena mlongo sangachotse mantha amenewo, chifukwa iye amati inu anthu wamba simudziwa kanthu.

Amene angamufike pamtima ndi awiri. Woyamba ndi mnzake amene anali naye konko, makamaka wamkulu pang'ono kwa iye. Wachiwiri ndi m'busa wa asilikali, amene ife timati padre. Padre amavala yunifolomu yomweyo koma sakulamula, ndipo amadziwa khomo la dokotala ndi la bwana. Alamu ako apite kwa padre okha kaye, mwakachetechete. Asapite kwa akazi a mabwana, nkhani ikafika kumeneko mawa ili pampopi.

Ine zanga ndinazisunga zaka zambiri. Amene analipira ndi mayi a kunyumba kwanga, Mulungu awasunge kumene ali.

MayiWaMalaini
Asajeni, pa akazi a mabwana paja mwatilakwira pang'ono. Alipo ena achifundo. Amuna anga atadulidwa mwendo pa ngozi ya galimoto ali pantchito, amene ankandibweretsera ufa ndi makala kuchipatala anali amayi a m'malaini a kubalaki momwemo, osati abale. Koma za pampopi zokhazo ndi zoona, hahaha.

Ine ndikufuna ndiyankhulepo za alamu anuwo @Mlongo_wa_Chibavi, chifukwa aliyense amafunsa "bambo ali bwanji?" palibe amafunsa gadiyani. Ndinagona pansi pa bedi m'chipatala, ndinaphunzira kutsuka bala, kumanga bandeji pachitsa cha mwendo kuti chisatupe, kunyamula munthu wamkulu kupita naye kubafa. Bizinesi yanga ya kaunjika inafera pomwepo. Usiku akabuula ndimadzuka ndine, m'mawa ana kusukulu ndine, apongozi akabwera n'kumati "mwana wanga waonda, simukumudyetsa". Panafika poti ndinkalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti ana asamve ndikulira. Ndiye inu ngati mlamu, musamangopita kukaona alongo anu. Tengani ana Loweruka akagone kwanu. Muuzeni mayiyo apite kwawo masiku awiri akapume popanda wina kumunena kuti wathawa banja. Uphungu umene anamwino akunenawo nayenso akuufuna.

Kwa amene muli ndi odulidwa chiwalo: pa Mzuzu Central pali malo opangira miyendo ndi manja oyikirira, anayambitsa a bungwe la 500 miles. Simufunikanso kukwera basi mpaka ku Blantyre. Koma dziwani kuti mwendo woyamba sukhalitsa, chitsa chimaphwa pakapita miyezi ndiye umayamba kukhwepa ndi kutupitsa matuza. Ukatero musapirire kapena kuvala masokosi asanu, bwererani akakonze. Mafizonso musadumphe, ngakhale bambo atanena kuti atopa nawo.

KaningIna_Boy
Za mafizo mwanenazo ngakhale osewera a Moyale Barracks akathyoka bondo ndi momwemo. Koma abale timu yathu ija chikuchitika n'chiyani kutsogolo? Mipata ngati khumi chigoli chimodzi.

Sacramento_77
Aise vuto si kutsogolo, ndi pakati. Mpira sukufika.

KaningIna_Boy
Iwe umaonera mpira uli pa chishalo panja pa Mzuzu Stadium, ukudziwa chiyani?

Admin_Katoto
Anyamata, za mpira zili ndi gulu lake. Pano pali munthu akulira. Wina akabwerezanso ndimutulutsa mpaka Lamlungu.

Kalaliki_Wakale
Ndiyankhe funso lachiwiri lija, la chipukuta misozi, poti laiwalika. Choyamba @Mlongo_wa_Chibavi mudziwe kuti anavulala ali pansi pa ndani. Asilikali athu akhala ku DRC m'njira ziwiri. Kuyambira 2013 akhala mu gulu la United Nations, MONUSCO, limodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa. Kenako kunabwera gulu la SADC, lija linamenyana ndi zigawenga za M23 kufupi ndi Goma mu January 2025 pomwe tinataya asilikali atatu, ndipo SADC inalithetsa mu March chaka chomwecho. Malamulo a ndalama a magulu awiriwa si amodzi.

Ngati anali wa chisoti cha buluu, kutanthauza wa gulu la United Nations lija, UN ili ndi ndondomeko yake yolipira imfa ndi kulumala. Kuyambira 2018 ndalama ya imfa ndi madola 77,000, ndipo wolumala amalandira gawo la ndalama imeneyo molingana ndi mmene madokotala ayezera kuti thupi lawonongeka kwamuyaya. Mawu akuti kwamuyaya ndi ofunika: sayeza bala likadali laliwisi, amadikira dokotala anene kuti apa ndiye pomwe lafikira. Chinanso, msilikali kapena banja silemba kalata ku New York lokha. Pempho limadutsa ku boma lathu, ndipo ndalama imabwereranso njira yomweyo. N'chifukwa chake mapepala ndi nkhani yaikulu. Munthu akavulala ku mishoni pamalembedwa chikalata chodziwitsa za ngoziyo, amati NOTICAS. Pamakhala malipoti a chipatala cha konko, a opaleshoni, ma X-ray, kalata yomubweza kumudzi. Chilichonse chimene chili m'nyumba, alamu anu achijambule pafoni ndi kupangitsa fotokope, zina zikasungidwe kwa inu. Pepala lenileni osasiya pa ofesi iliyonse popanda kukusainirani kuti alandira.

Ndipo zosagonazo zilembedwenso ndi dokotala. Chimene sichinalembedwe, pa tsiku lowerengera chimakhala ngati sichinachitike.

Mlongo_wa_Chibavi
Anali a chisoti cha buluu bambo. Mapepala ali mu chikwama chawo chachikulu chija, sachitsegula ndipo salola munthu kuchigwira.

Sajeni_Wopuma
Usachigwire mwanawe. M'menemo simuli mapepala okha. Adzatsegula yekha pamaso pa mnzake.

NyaMasasa
Ine ndine namfedwa, amuna anga anamwalira ndi matenda ali pantchito, osati kunkhondo. Ndikuwerenga zonsezi misozi ikutsika. Amayi amene amuna anu ali moyo, funsani lero lomwe kuti pa fomu ya next of kin analemba ndani. Anga analemba ali mnyamata asanakwatire, anaika achimwene awo, ndipo sanasinthe. Maliro asanathe n'komwe alamu anga anali atatenga kale makiyi a njinga yamoto ndi buku la kubanki. Ndinayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha, ofesi ina fayilo inasowa, kenako inapezeka, kenako wosaina anali ku maliro. Pamene ndalama inkatuluka kwacha inali itagwa kale kawiri, ija ya 2022 ndi ija ya 44 peresenti ya November 2023. Imene ikanamanga nyumba inangokwana maziko.

Kalaliki_Wakale
Pepani mayi. Ena amve bwino apa: kulembedwa next of kin sikusandutsa munthu mwini chuma. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo. Pakakhala palibe wilo nkhani zambiri zimadutsa kwa DC kapena kwa Administrator General. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, ali ndi ofesi konkuno. Ofesi ya boma ikangokhala pa fayilo popanda chifukwa, a Ombudsman aliponso mu Mzuzu muno ndipo salipiritsa.

Mphunzitsi_Zolozolo
Ine ndifunse mosapsatira, musandigende. N'chifukwa chiyani msilikali akhale wapadera? Mphunzitsi akachita sitiroko ali pa bolodi amalandira chiyani? Namwino amene anatenga Covid ali pantchito? Nawonso ali pamzere womwewo wa penshoni. Ntchito anaisankha okha, ankadziwa kuti kuli mfuti.

MayiWaMalaini
Aphunzitsi, inu mukakwiya mumanyanyala ntchito, muli ndi bungwe la aphunzitsi la TUM lokuyankhulirani, mumapita pa wailesi. Msilikali sanyanyala, alibe bungwe la apantchito, sangayankhule kwa atolankhani. Akauzidwa kuti mawa ukwera ndege sangati mwana akudwala. Ndiye ngati ife mabanja sitiyankhula, ayankhule ndani?

Mphunzitsi_Zolozolo
Pamenepo ndamva. Komabe ndimaona kuti tikanamenyera chipatala chabwino cha aliyense, msilikali akanapezamo, ifenso tikanapezamo. LION ija anatsegula ku Lilongwe ya mafupa ndi ubongo imathandiza onse, safunsa yunifolomu.

Mdzukulu_wa_KAR
Zonse ziwiri n'zofunika aphunzitsi. Koma dziko lino limadziwa kulemekeza msilikali wakufa kuposa wovulala. Mu November 2018 tinataya asanu ndi mmodzi kufupi ndi Beni. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu May 2019 UN inamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yapamwamba kwambiri kwa osungitsa mtendere. Dzina lake tonse timalidziwa ndipo n'koyenera. Koma pa nkhondo yomweyo ena anavulala n'kubwera amoyo. Ndani pano angatchule mmene akukhalira lero? November aliyense timagula maluwa ofiira a poppy, akuluakulu amaika nkhata pa chipilala ku Zomba ndi ku Area 18, malipenga amalira, timaona agogo a ku nyumba za asilikali akale ku Zomba pa TV atavala mamendulo. Disembala ikafika zatha.

Sajeni_Wopuma
Ndalama ya poppy imathandizadi madala aja, tisainyoze. Ndipo a VELOM, bungwe la asilikali opuma, alipo, ena a ife ndife mamembala. Koma anyamata a ku DRC sabwera kumisonkhano yathu, amati ndi za nkhalamba. Ifenso sitinawatsate, tinkadikira abwere okha.

Dalaiva_wa_Chiweta
Funso langa lili pambali pang'ono. Bambo anga anapuma usilikali kalekale, pano shuga ndi BP, mwezi watha sitiroko yawagwira mbali imodzi. Ali ku Ekwendeni. Njinga ya olumala tingaipeze kuti? Yogula m'sitolo mtengo wake ndi wa ng'ombe.

NamwinoWaUsiku
@Dalaiva_wa_Chiweta yambani ndi a mafizo pa Central, iwo ndi amene amayeza ngati akufunikadi njinga kapena chogwirira poyenda, ndipo amadziwa kumene zikupezeka nthawi imeneyo. Funsaninso a MAP, bungwe lothandiza olumala, ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu. Musathamangire kugula iliyonse, njinga yosakwana thupi imabweretsa zilonda za pamatako. Miyezi yoyambirira itachitika sitiroko ndi imene thupi limabwerera msanga, ndiye asangogona. Muziwatembenuza pafupipafupi ndipo mankhwala a BP asadukize ngakhale tsiku limodzi.

MayiWaMalaini
Yathu yakale ilipo, tayala limodzi ndi lophwa koma a njinga pa Chiputula akhoza kukonza. A mafizo akaiona n'kuvomereza, bwerani mudzatenge. Ndilembereni kumbali.

Dalaiva_wa_Chiweta
Yewo chomene amama. Ndikupezani Loweruka ndikatsika ku Karonga.

Mlongo_wa_Chibavi
Ndabweranso. Ndinawawerengera alamu anga zonse pafoni. Avomera kupita kwa padre, ndipo akuti ku St John of God ayamba ndi iwowo kaye, alongo anga akaona kuti mkazi wawo akupita n'kumabwera bwinobwino mwina mtima ugwa. Ana ndikuwatenga Lachisanu. Asajeni, mnzawo amene anali naye konko ndikumudziwa mmodzi koma anasamutsidwira ku Chilumba. Inuyo simungabwere? Bawo amaikonda, kungoti masiku ano alibe wosewera naye.

Sajeni_Wopuma
Ndibwera, koma usamuuze kuti ndabwera kudzamuthandiza. Unene kuti pali mdala wina wodzitama kuti Chibavi yonse palibe womudya pa bawo. Wa ku Chilumbayo umuimbirebe, ine za ku Congo sindinazione, iye anaziona. Ndipo usayembekezere kuti tsiku loyamba tikamba za nkhondo. Mwina mwezi utha tikungotakata.

MtumikiWaMoto
Ine ndizipempherabe kuno. Mukalephera kumeneko khomo ndi lotsegula.

Admin_Katoto
Anthu angapo andilembera kumbali kuti amayi osamalira odwala otere azikumana kamodzi pamwezi, ena akuti tiyambitse thumba la transipoti yopitira ku mafizo. Amene mukufuna lembani "ine" pansipa, malo tikambirana.

NyaMasasa
Ine. Koma za thumbazo tiyambe tagwirizana wosunga. Banki m'khonde yathu ya ku Masasa inatha chifukwa cha zomwezo.

Sacramento_77
Ine ndalama ndilibe koma wopita ku mafizo kuchokera Chibavi kapena Chiputula ndizimunyamula ulere Lachiwiri m'mawa. Wa ndodo yekha, wa njinga ya olumala sindingathe.

MayiWaMalaini
Ine. Msungichuma asakhale mmodzi, akhale atatu, ndipo ndalama izikhala pa Mpamba kapena Airtel Money pomwe tonse tiziona. Komanso tsiku lisakhale Lamlungu masana, ena timachapa mayunifolomu a ana.